Nyenyezi za a Nachisale

Usiku watha ndinalota zodabwitsa, anzanga, sendezani mabenchiwo kuno belu lisanalire. Ndinalota tili mu holo ya pafakitale yathu ya tiyi ino, pa maphunziro aja a chitetezo pa makina, amene aphunzitsi athu a Mbendera anawasandutsa masewera: ukayankha bwino funso pa foni umalandira nyenyezi, dzina lako n'kukwera phiri lojambulidwa pa bolodi. Kungoti kumalotoko phirilo linali lenileni, litamera pakati pa holo n'kuboola malata, tiyi atabzalidwa mpaka pansonga.

Ndiye a Mbendera anaimba wezulo, mwadzidzidzi khosi lawo linatalika, anasanduka kakowa wovala tayi. "Woyamba kufika pamwamba atenga njinga," anatero, "koma wotsalira pansi asakhudzenso makina." A manijala anali pambali akuwomba m'manja, kuyang'anitsitsa si manja ayi, ndi mapiko. Anali atasanduka nkhukundembo, akungodzitukumula n'kumafunsa ngati wojambula zithunzi wafika.

Inu mukundidziwa ine Mwatitha pa mpikisano, sindiyang'ana kumbali. Ndinauyatsa ulendo, ndiye jombo zanga zinayamba kukangana. Ya kumanzere ikuti, "Thamanga, mayi!" Ya kumanja ikuti, "Athamange bwanji tsitsi lili pamtunda? Likakodwa mu lamba wa makina, mudzati sindinanene." Ndinamanga duku msangamsanga, nyenyezi inagwa kuchokera kudenga n'kulowa m'thumba la ovolosi, yotentha ngati mandasi ongophulidwa kumene.

Ndiye ndinakumana ndi chozimitsira moto chofiira chija cha pakhomo la chipinda chopakira tiyi, chitakhala pamwala ngati wapolisi wa pamsewu.

"Waya akayaka, uthira madzi?" chinandifunsa.

"Ayi, ndiyamba ndazimitsa magetsi."

"Dutsa. Koma ukapereke moni kwa mchemwali wanga, chozimitsira moto cha ku stolo, palibe amene wamuzonda chaka chino."

Nyenyezi zinadzaza matumba mpaka ndinkayenda ndikuwala ngati basi ya usiku. Pansonga njinga inali ikundikodola ndi chiwongolero. "Fulumira, Mwatitha," ikutero, "ndili ndi kaliyala watsopano."

Mwadzidzidzi ndinacheuka, ndiye pansi penipeni pa phiri ndinaona a Nachisale. Paja ndi iwo amene anandiphunzitsa kusankha tiyi nditangofika kuno, ndisakudziwa ndi kolowera komwe. Ndipo mukudziwa inu kuti chiyambire masewerawa dzina lawo silinachoke pansi pa bolodi, mpaka dzana anandinong'oneza kuti mwina angopuma ntchito, asamachititse manyazi gulu. Kumalotoko anali atakhala pa thumba la tiyi, foni ataiika kutali ndi nkhope, zilembo zikutsika pa foniyo n'kumathawira mu udzu ngati nyerere.

Mtima unandiwawa. Ndinatembenuka. Njinga inayamba kundinyoza, ati, "Udzayenda wapansi mpaka imvi!" Ndiye njira inasanduka lamba wa makina, inanditsitsa phee mpaka pamapazi pawo.

"Iwe mwana wanga, wabwereranji?" anatero a Nachisale. "Pita ukatenge njinga. Ine zilembozi zikundithawa, sindingazigwire."

Ndinakhuthulira nyenyezi zanga zonse pa chitenje chawo, koma nyenyezizo zinadzuka, n'kudzisansa fumbi, n'kubwerera m'thumba mwanga pamzere. Yotsiriza inasuzumira n'kunena, "Pepani amayi, ife timapita kwa munthu amene wayankha yekha."

"Zanena zoona," anatero a Nachisale. "Za kupatsidwa sindizifuna."

"Ndiye ine ndiziwerenga mokweza, inu muziyankha, amayi."

Ndisanayambe, kakowa anatera patsogolo pathu. "Anthu awiri foni imodzi, lamulo silikulola," anatero a Mbendera. Ndiye anayang'ana a Nachisale nthawi yaitali, anaima ndi mwendo umodzi n'kudzikanda kumutu ndi mwendo winawo. "Koma lamulolo analemba ndani? Si ine ndemwe? Ine ndinkafuna muziphunzira mukuseka, amayi, osati muzibisala kuseri kwa matumba." Atatero anameza wezulo uja, kuti ng'wii, n'kukhala pansi pambali pathu.

Ndinawerenga funso loyamba. A Nachisale analakwa. Foni inalira ngati mwanapiye, ndiye iwo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Iii, ndiye kulakwako n'komweku? Sikuluma?" Anayesanso, anakhoza. Mwadzidzidzi nyenyezi yaikulu ngati chiwaya inatsika pang'onopang'ono, inagogoda kaye, n'kufunsa, "Odi, kwa a Nachisale ndi kuno?" Iwo anaisenza pamutu popanda nkhata, n'kuyamba kuvina chimtali. Nkhukundembo inathamangira kudzaima pambali pawo kuti ijambulidwe nawo.

Ndiye tinayamba kukwera tonse awiri, funso limodzi, phazi limodzi. Njinga inatidutsa ikutsika, ataikwera Ganizani wa ku boyila, pa kaliyala atanyamula alembi a kampani amene anali atasanduka mbuzi yovala magalasi. Sindinadandaule n'komwe. A Nachisale anali atandigwira padzanja mwamphamvu, thukuta kamukamu, akupuma mwawefuwefu, koma maso akuwala ngati a mtsikana.

"Tipume kaye, amayi?" ndinafunsa.

"Tipumirenji? Werenga lina, mwana wanga, zayamba kundikomera!"

Ndinakweza foni, ndinatsegula pakamwa kuti ndiwerenge, koma m'malo mwa funso munatuluka mawu akuti, "Tomatooo! Anyeziii!" Ndinayesanso, omwewo. Kutsegula maso, ndili pamphasa panga, dzanja lili m'mwamba, kunja kwayera, mayi wogulitsa zamasamba akudutsa kuseri kwa zenera langa, "Tomatooo! Anyeziii!"