Maliro Anga Ndili Moyo

Lolemba
Msana wakananso. Adokotala akuti Lachisanu ndipite ku tauni akandilowetse m'makina ojambula m'kati mwa thupi. Akuti ali ngati paipi, munthu umagonamo osagwedezeka. Pa bawo ku Nsaru ndawauza anzanga kuti ine ndinakumbapo chitsime mpaka kumva anthu a ku Zambia akutsokomola, ndiye paipi n'chiyani? Sakudziwa kuti m'minibasi ndimakhala pakhomo chifukwa mpweya umandithera. Ndiyamba kuyeserera mwakachetechete.

Lachiwiri
Pansi pa bedi. Zomwe ndapezako: nsapato imodzi, mtedza wa mbewu, thukuta langa. Mayi a kunyumba akusuzumira: "Abambo, mukubisalira ndani?" Ndati ndikusaka khoswe.

Lachitatu
M'kalavati ya pamsewu wa ku Kabudula. Mutu walowa, mapewa alowa, mtima wakana. Ndatuluka cham'mbuyo, buluku matope okhaokha. Wakabaza waima: "Madala, mwamwa m'mawa uno?" Ine woimba besi m'kwaya!

Lachinayi
Nzeru ya alamu anga: andikulunge m'mphasa, amange ndi luzi, ndizolowere. Tachitira kuseri kwa chigafa cha fodya. Atangomanga, foni yawo yalira, apita kukasaka netiweki pachulu. Ndikukuwa, mawu osatuluka. Anaphiri a nyumba yoyandikana aona munthu ali gone m'mphasa, zii. Ayambitsa chiliro.

Alamu andimasula msanga, koma uthenga unali utathamanga kale. Pofika masana: amayi ndi nkhuni, achimwene pa njinga kuchokera ku Namitete, anyamata ndi makasu. Ndakhala pakhonde kulandira anthu obwera pamaliro anga. Aliyense akufunsa chimene ndimachita m'mphasamo. Alamu afotokoza zonse, osasiyako.

Lachisanu
Chipatala. Andiveka chimwinjiro chotseguka kumbuyo. Anesi andipatsa kampira: "Mukachita mantha mufinye apa." Bedi layamba kutsetsereka, ndafinya mphuno isanalowe. "Bambo, sitinayatse n'komwe." Tayesanso, chimodzimodzi. Andipatsa tsiku lina. Akuti kuli mankhwala okhazika mtima pansi, ndipo wachibale angaloledwe kukhala pafupi. Ulendo wonse wobwerera mayi amangoyang'ana pawindo. Bola akanatukwana.

Loweruka
Sindikutuluka. Anzanga a pa bawo atuma uthenga: "Malemu akamva bwino abwere, mpando wawo ulipo." Msana wafika poipa, ngakhale kuwerama kuti ndivale nsapato sizikutheka. Fodya akundidikira m'chigafa.

Lamulungu
Ku tchalitchi mkulu wa mpingo wapempherera "abale athu amene akulimbana ndi mantha." Anthu atsinzina diso limodzi, linalo pa ine. Besi sinatuluke.

Basi, ku chipatala ndibwererako. Mankhwalawo ndikamwa, mayi akakhala pafupi. Ndawapempha kuti anthu akafunsa, tizinena kuti iwowo ndi amene akakamira kulowa nane. Akuti: "Nenani zimene mukufuna abambo, bola mukagonemo."

Ndikagonamo.