Tsiku Limene Ndinatontholetsa Kompyuta

Amalume ake a mkazi wanga amandikonda ndithu, koma chiyambire sanandilolepo kugwira wailesi yawo, ngakhale kungosintha mabatire. Sindiwadandaula. Anaona okha zimene manja angawa amatha kuchita.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili kalaliki pa kaofesi kena ka zaulimi kufupi ndi Mishoni ya Domasi. Tinali ndi kompyuta imodzi, yotisiyira azungu ena atatopa nayo, ndipo woigwira ndinali ine chifukwa zala zanga zinali zitazolowera kale taipulaita. Anthu ochokera kwa Malemia akabwera kudzafunsa za mbewu ankayamba asuzumira pawindo kuti aone chinthucho. Ine ndinkachita ngati sindikuwaona (koma msana ndinkauwongola).

Chimene ndinkaikondera kwambiri sichinali kulemba ayi, koma kulira kwake. Kumbuyo kwake kunali kafani koziziritsa kabokosi kolandira magetsi, ndipo kankangoti mvuuu, mofatsa, tsiku lonse. Masana a mu Okutobala, phiri la Malosa litabisala mu utsi wa lupsa, ndinkatsamira mpando n'kutsinzina pang'ono, basi ndili mu ndege. Ndege sindinakwerepo, koma ndinkapita nayo kutali. Ndinkadutsa pamwamba pa Songani, maminibasi akuoneka ngati nyerere zonyamula chimanga, mtsinje wa Domasi ukunyezimira ngati ulusi. Pambali panga pankakhala Esnati, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, akundifunsa ngati tafika.

Kenaka ndege yanga inasanduka chigayo. Mmawa wina nditangoyatsa ndinamva khrrr, khrrr, ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga ndi dzino lobowoka. Abwana athu, Mayi Chisale, anamvetsera pang'ono n'kunena kuti ndisaigwiregwire, adzaitana munthu wa ku Zomba mwezi ukatha. Atatero ananyamuka ulendo woyendera minda.

Sabata yomweyo Esnati anandiuza kuti amalume ake, a Likaka, akufuna kudzaona kumene ndimagwira ntchito. Iwo ndiwo anali ndi mawu omaliza pa nkhani ya chinkhoswe, ndipo anali asanavomere, asanakanenso. Tsono ine ndinali nditauza kale banja lonse kuti ndimayendetsa makina anzeru kuposa munthu. Makina anzeru angamalire ngati chigayo cha pa Songani?

Ndinakulunga nyuzipepala ngati chitoliro, mbali ina kukhutu, ina pa kompyuta, n'kumayenda nayo pang'onopang'ono monga amachitira adokotala pachifuwa cha wodwala. Kutsogolo kunalibe kanthu. M'mbali, zii. Kumbuyo, pamene pankatulukira kamphepo kofunda, ndi pamene panali chigayo. Wodwala anali kafani kaja. Apa ndiye ndinalondola, abale, ndipo ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndikulemba nkhani yodzitama.

Ndinayamba ndi mankhwala amene tonse timawadziwa: kambama. Kompyuta inakhala chete kanthawi, ngati mwana wodabwa, kenaka n'kuyambiranso. Mawa lake ndinabwera ndi pampu ya njinga. Nditapopera kumbuyo kuja munatuluka fumbi la zaka zambiri, mwina lina lochokera kwawo kwa azungu kuja, ndipo linayandama mu kuwala kwa pawindo mokongola kwambiri moti ndinaima n'kumaliyang'ana mpaka linandilowa m'mphuno. Phokoso silinasinthe.

Ndiye ndinakumbukira kuti tcheni cha njinga chikamalira chimafuna mafuta. Ndinatenga mafuta ophikira m'kabotolo ndi nthenga ya nkhuku, n'kudontheza pakati pa timawaya totchinga fani. Nditayatsa, kafaniko kanandibwezera mafuta anga onse: pakhoma, pakalendala, ndi pa malaya anga oyera, timadontho ngati nkhanga. (Khomalo ndinapukuta. Malayawo anakhala a kumunda.)

Tsiku lobwera a Likaka phokoso linachita kunyanya. Ndinayang'ana kumsewu, ndinayang'ana kompyuta, ndipo m'mutu mwanga munabwera nzeru imene ndinaiona ngati yochokera kumwamba. Cholira ndi fani. Fani ikaima, kulira kutha. Ndinatenga bolopeni n'kuilowetsa kumbuyo kuja mpaka inakakamira pakati pa mapiko.

Bata lake! Ndinamva njiwa mu mtengo wa mango, mbuzi kutsidya, ndi amayi a kwaya akuphunzira nyimbo ku Mishoni, mawu awo akubwera ndi kupita ndi mphepo. Zilembo zinali zikuwalabe pagalasi. Ndinadzifunsa kuti azungu anaikiramo chiyani chinthu chopanda ntchito chotere.

A Likaka anafika atavala jekete ngakhale kunali kotentha, chipewa kumutu, ambulera m'manja. Titapatsana moni ndinawakhazika pa mpando wa abwana, n'kulemba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu. Analiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kenaka anapempha kuti ndiwonjezere dzina la mudzi wawo ndi la malemu bambo awo, amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki. Ndinalemba. Anayang'anitsitsa mayina aja, ndipo ine mumtima ndinayamba kale kuona Esnati atavala zoyera.

Kenaka anakweza mphuno.

"Kodi pali amene akuwotcha zinyalala?"

Ndinayankha kuti mwina ndi kuseri, anthu a kuno amakonda kuwotcha masana. Ndikulankhula choncho ndinaona kautsi kakutuluka kumbuyo kwa kompyuta, kopyapyala, kobiriwira, kakukwera mopindikapindika kulowera kudenga. Ndikuuzeni zoona, sindinadzidzimuke msanga. Ndinakayang'ana ngati ndikulota, n'kumaganiza kuti n'kokongola. Kenaka kunamveka phu! Galasi linada bii, mayina onse atatu n'kuzimirira.

A Likaka anaimirira mwaulemu wawo wonse, anavula chipewa, n'kuyamba kuikupiza kompyuta ija monga tikupizira munthu amene wagwa m'tchalitchi.

"Bambo, tsegulani mawindo," anatero motsitsa mawu. "Mnzanuyu wakomoka."

Ndinazula chingwe pakhoma, ndinatsegula mawindo, kenaka poganiza kuti sakundiona ndinasolola bolopeni ija. Inatuluka itapindika ngati nthochi, ikudontha inki. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati imakhala m'menemo masiku onse. Ndinati ayi, ndinaika lero, kuti phokoso lisawasokoneze. Anagwedeza mutu, anavala chipewa chawo, anathokoza chifukwa cha ulemuwo, n'kutsanzika.

Munthu wa ku Zomba atabwera anati kafani kokha kakanatheka kusintha, koma tsopano kabokosi konse kanali katapsa mkati, ndipo kutsegula n'kungodziputira ngozi. Mayi Chisale anafunsa ngati sikangakonzedwe, iye anati kangakonzedwe lero n'kudzapsanso mawa pamodzi ndi zina zonse. Abwana anagamula zoitanitsa katsopano ku Blantyre. Ine sanandichotse ntchito. Anangonditsitsira taipulaita yakale ija pamwamba pa kabati, ndipo ndinagogoda nayo mpaka mvula inagwa, anthu a pawindo aja akundifunsa tsiku ndi tsiku kuti wodwala ali bwanji.

Yankho la a Likaka linandipeza kudzera kwa Esnati, amene analephera kulimaliza chifukwa cha kuseka. Akuti anauza mayi ake a Esnati kuti chinkhoswe chichitike, mnyamatayo ndi waulemu ndipo sakonda phokoso. "Koma mwana akadzabadwa, akamalira, musamamusiye ndi bambo ake okha."

Kabokosi katsopano katafika, fani yake inali yofatsa moti sinkamveka n'komwe. Mukanaganiza kuti ndinasangalala. Ayi ndithu. Ndinkangoti ndikalemba mizere ingapo, ndadzuka, ndanyowetsa chala ndi malovu, ndachiika kumbuyo kuja kuti ndimve ngati kamphepo kakutuluka. Ndege ija sindinaikwerenso. Munthu sungauluke chala chili m'malovu. Ndipo mpaka lero, chinthu chikangokhala chete mwadzidzidzi m'nyumba mwanga, kaya ndi firiji kaya ndi ana, ndimayamba ndanunkhiza.