Dokotala Anati Sakudziwa, Ine Ndinadziwa

Nkhani iyi ndimaibisa ngati chilonda cha pamalo oipa. Koma poti kwathu kuno ku Likhubula ngakhale ana akuidziwa, bola ndiinene ndekha ena asanaithire tsabola. Mukafuna kuseka, sekani. Ine sindinayambe.

Ntchito yanga ndi yokweza alendo m'phiri. Ndine gaidi, ndipo pa ntchito yathuyi pali mawu amodzi oletsedwa: "sindikudziwa". Mlendo akafunsa ngati mawa kugwa mvula, umayang'ana kumwamba, n'kununkhiza mphepo, n'kuyankha motsimikiza ngati mitamboyo ndi abale ako. Ukangoti sukudziwa, kasitomala amapita kwa mnzako. Ndiye pakamwa panga panazolowera.

Chaka chino amayi anga anatuluka chotupa pakhosi, m'munsi mwa khutu. Amayiwo anathyola tiyi kuesiteti mpaka msana kupindika, ndipo si munthu wodandaula wamba. Koma chotupacho chinkakula, thupi likutha. Tinapita nawo kuchipatala, gadiyani ndili ine. Anawagoneka masiku anayi. Anapima magazi, anapima makhololo, kenako anabaya chotupacho ndi jakisoni n'kupopamo timadzi.

Tsiku lachisanu, amayi ali mtulo, dokotala anandiitanira pakhonde.

"Achimwene, ndikuuzeni zoona. Chikhoza kukhala TB ya m'mwanabere, imeneyo mankhwala ake alipo. Chikhoza kukhala khansa. Chikhozanso kukhala china. Panopa sindikudziwa."

"Koma inuyo mukuona bwanji?"

"Ndikuona kuti tidikire. Sampulo tatumiza ku Blantyre. Pitani nawo kunyumba, mubwere pakatha masabata atatu. Akadzuka muwafotokozere bwinobwino."

Atatero anandigwira paphewa.

Paphewa! Ngati mmene amachitira popepesa maliro.

Ndinayamba kuganiza monga gaidi. Munthu wa ntchito yake sanena kuti sakudziwa. Akatero ndiye kuti akudziwa koma akubisa. Komanso kwathu kuno, wodwala akatulutsidwa m'chipatala asanachire, aliyense amamva tanthauzo lake popanda womasulira. Zinatero ndi bambo anga, ndipo sanathe mwezi. Dokotala anatchula zinthu zitatu, ine ndinatola chapakati, zinazo ndinazisiya pakhonde pomwepo.

Amayi atadzuka ndinawauza kuti, "Akuti muli bwino, tizipita." Mwambo wake ndi umenewo, wodwala sauzidwa zoopsa.

Titafika kunyumba, mlongo wanga Esinati anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Achimwene, akuti chiyani?"

Ndinapukusa mutu pang'onopang'ono. "Atibweza."

"Shuwa?"

"Achemwali, ine ndimaona mvula isanabwere. Khansa."

Esinati analira atatseka pakamwa ndi chitenje. Ndinamuuza kuti asauze munthu aliyense. Iye sanauzedi munthu, anangoimbira foni amalume a Namakhwa a ku Milange, poti ndiwo eni mbumba. Amalumewo anangouza akazi awo. Akazi awowo amagulitsa matemba pamsika, ndiye zotsalazo mukuzidziwa kale.

Pofika Lamlungu pakhomo pathu panali ngati pa siteji ya minibasi. Amalume anawoloka malire ndi kachikwama kawo, n'kukhazikika. Amayi a kumpingo anabwera atavala zoyera, n'kumaimba nyimbo zija zoimba mokoka. Nkhuku zinayamba kutha imodziimodzi. Anthu amene sanawapatsepo amayi ngakhale moni wabwino ankabwera ndi mabanzi, ena chinanazi. Onse mawu ake amodzi: "Muchira amayi, mukuoneka bwino!" Akatuluka panja, kufwenthera.

Amayi anga si opusa. Ankayang'ana nkhope iliyonse yolowa.

"Iwe Mada, anthu onsewa akufuna chiyani?"

"Kudzakuonani basi."

"Malungo aja anatsala pang'ono kundipha, sanabwere ndi mmodzi yemwe. Lero nkhuku?"

"Ndi chikondi, amayi."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kufunsa, anasiyanso kudya. Apa ndiye pamandipweteka mpaka lero. Mayi uja ankatidzutsa ndi mawu akuthwa, kutinena ulesi dzuwa lisanatuluke, tsopano ankangogona pamphasa atayang'ana kukhoma. Mvula yoyamba inagwa, anthu ali kalikiliki kudzala, iwo osatuluka. Anagawa zitenje zawo. Mbewu ya nandolo anapatsa Esinati.

Kenako anaitanitsa mayi Khoromana, oyandikana nawo munda, amene akhala akulimbana nawo za malire kuyambira ine ndili wakhanda.

"Mizere isanu ija tengani," amayi anatero. "Ndakukhululukirani."

Mayi Khoromana analira kwambiri. Mawa lake anadzalamo chimanga.

Nthawi yonseyi ine ndinkayenda ngati wamkulu wa zonse. Anthu ankandifunsa, ine ndinkayankha osaphethira.

"Khirisimasi afika?"

"Zovuta."

"Nanga ululu?"

"Ukubwera."

Ndinafika mpaka pokacheza kwa kalipentala, kungofunsa ngati matabwa ouma alipo. Musandiyang'ane choncho, ndanena kale kuti nkhaniyi ndi yamanyazi.

Masabata atatu anakwana. M'mawa wake ndinaitana wakabaza wa njinga yamoto, n'kulowa m'nyumba.

"Amayi, tiyeni tikamve zotsatira."

"Sindipita."

"Chifukwa?"

"Ndikamve chiyani? Mudzi wonse ukudziwa kale, wosadziwa ndi ine ndekha. Mukufuna mundigwedeze panjinga kuti ndikathere panjira? Ndisiyeni ndifere m'nyumba mwanga."

Apa mpamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Ndinakumbukira mawu oyamba aja ndinawasiya pakhonde: TB, mankhwala ake alipo. Ngati ndi imeneyo, ndiye kuti amayi akufa ndi matenda ochizika, ndipo wowapha ndi ine ndi pakamwa pangapa. Ndinachita mantha oti sindinachitepo ngakhale nditasochera m'nkhungu ya chiperoni pamwamba pa phiri.

Ndinachonderera. Esinati anachonderera. Amayi anangofunda kumutu.

Amalume ali pakhonde anakana m'chilankhulo cha kutsidya kwa malire: "Nada, musiyeni mlongo wanga. Achipatala anamubweza, mukufunanso mukatani kumeneko?"

Ndinatuluka ndikukanda m'mutu. "Amalume, kunena zoona sanatibweze kwenikweni."

"Anakubwezani mwa mtundu wanji?"

Pakhondepo panali anthu odzazonda odwala okwanira ndithu, mayi Khoromana ali pomwepo.

"Iwe Mada, khala pansi," anatero amalume. "Tiuze mawu a dokotala mmene anatulukira m'kamwa mwake. Usathire mchere."

"Anati chikhoza kukhala TB."

"Eya."

"Kapena khansa. Kapena china."

"Ndiye mwa zitatuzo, iyeyo anati n'chiti?"

"Anati sakudziwa."

"Sakudziwa! Nanga anadziwa ndani?"

Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi. "Ine."

"Iwe unapima?"

"Ayi. Koma anandigwira paphewa."

Amalume anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Ine ndasiya munda wanga wosadzala. Ndawoloka malire. Ndadya nkhuku zinayi za mlongo wanga misozi ili chuchuchu. Zonsezi chifukwa cha phewa lakoli?"

Palibe anaseka. M'nyumba tinamva mphasa ikulira, kenako amayi anatulukira atagwira chitseko. Anali ataonda moti ndinaona mafupa amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo bola akanandimenya ndi mthiko.

"Masabata atatu ndakhala ndikudzilira maliro ndekha, mwana wanga, iwe ukundiona."

Ndinasowa polowa.

Amayi anatembenukira kwa mayi Khoromana. "Inu, za mizere ija tikambirana ndikabwerako." Kenako anakodola wakabaza. "Iwe, liza njingayo."

Kuchipatala tinadikira pamzere mpaka dzuwa linafika paliwombo. Dokotala uja atawaona amayi anadabwa.

"Mwaonda chonchi bwanji, amayi? Simukudya?"

Amayi anangondiloza ndi mlomo.

"Chabwino, lowani ndi agadiyani anu."

"Ayi," anatero amayi. "Khosi ndi langa, makutu ndili nawo. Uyu akhale panja."

Ndinakhala pabenchi pakati pa mayi wa mwana wotsokomola ndi bambo wa mwendo wa pulasitala. Chitseko chili chotseka, ine sindinkadziwa chilichonse chimene chinkanenedwa mkatimo. Mpamene ndinalawa zimene ndinawadyetsa amayi masabata atatu. N'zowawa, abale.

Atatuluka anali ndi kapepala m'manja. Anandidutsa osaima, ine ndikuwatsata pambuyo mpaka pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti. Anakhala pamuzu, akupuma mwabefu.

"Akuti chiyani, amayi?"

"Akuti timadzi tija tinachepa, sitinaonetse bwino. Lachiwiri adula kanyama pang'ono, atumizanso. Kudikiranso."

"Ndiye n'chiyani kwenikweni? TB kapena chinacho?"

"Akuti sakudziwabe."

Kapepala kaja anakapinda kanayi n'kukamanga pansonga ya chitenje.

"Ndawafunsa ngati ndifa," anapitiriza motsitsa mawu. "Akuti sanganame kuti ayi, sanganamenso kuti inde. Akuti ndizidya, ndibwere Lachiwiri, ndipo akadziwa andiuza ineyo. Ndi munthu woyamba kundiuza zoona mwezi wonse uno."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinagwada pafumbi pomwepo, anthu akudutsa.

"Amayi, pepani."

"Dzuka, ukudetsa buluku." Anandigwira dzanja kuti aimirire. "Koma ndawauza adokotala kuti asavutike mtima. Ndati ku Blantyre zikakanikanso, ine ndili ndi mwana kunyumba. Ameneyo amatulutsa zotsatira tsiku lomwelo, sampulo isanadutse n'komwe pa Luchenza!"

Kanyama kaja anadula, ndipo mpaka lero tikudikirabe. Ine phunziro ndatolapo limodzi: dokotala akati sakudziwa, iwe usamudziwire.