Mano a B. Banda

Lolemba

Ntchito ya sabata ino ndi imodzi: pofika Loweruka ndikhale ndi mano, ndipo munthu asadziwe kuti ndinalibe.

Mwezi watha tikudinda belo la fodya, chogwirira cha jeke chinandipulumuka n'kundipeza pakamwa. Mano atatu akutsogolo, pansi! Awiri ndinatola. Lachitatu sindinalipeze, mwina lili m'belo, linapita ku okushoni. Chiyambire tsikulo ndikuvala masiki, ndipo anthu ndikuwauza kuti ndi fumbi la fodya. Akudziwa zoona ndi awiri okha, mkazi wanga Naphiri ndi jeke.

Vuto ndi alamu anga a Mwale, amuna a mlongo wanga. Iwowa ndi a magweru kuyambira kalekale, njinga inawagwetsa ali mnyamata. Amene anawapatsa dzina loti a Geti ndine. Amene amawabweretsera nzimbe pa phwando lililonse, anthu akuona, ndinenso. Akadziwa za m'kamwa mwangamu ndisamuka m'Kasungu muno.

Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wawo Tamanda, ndipo nkhoswe ndine, malume ake. Maikolofoni, zithunzi, vidiyo!

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndakwera pa chulu cha kuseri kwa chigafa, pamene netiweki imagwira, ndapeza tsamba la mayi wina wa ku Lilongwe wogulitsa mano ongovala ngati chipewa. Pa chithunzi pali mzungu akuluma apulo mosangalala. Pa wailesi amati tisamapereke za ife pa intaneti, ndiye ndachenjera:

Dzina: B. Banda. Kuno a Banda ndi ambiri kuposa nkhuku, andipeze tione.
Nambala: laini yanga yachiwiri, ija ya mauthenga a ku okushoni. Palibe akuidziwa.
Malo: Chisemphere, basi. Foni yapempha kuti idziwe pamene ndaima. Ndakana.
Chithunzi cha m'kamwa: ndajambula nditatseka maso, ndatumiza, ndafufuta.

Ndalipira pa foni pomwepo. Mayi uja akuti katundu afika Lachisanu, wa kabaza adzandiimbira, tidzakumana pobisika. Ndine wanzeru, sindibisa.

Lachiwiri

Tsoka!

Tikusankha fodya m'chigafa, a Chirwa oyandikana nawo nyumba andibwereka foni kuti aone zotsatira za mpira. Akutsegula, pabwera chithunzi chotsatsa malonda, chikamwa chachikulu chodzaza foni yonse, mano mbee. Aseka mpaka kutsokomola. Ine ndati mwina foni yatimva tikukamba za a Mwale.

Bodza langa lomwelo layambitsa mtsutso. A Chirwa, amene akakwiya Chichewa chimawathawa, akuti m'Chitumbuka: «Foni yikupulika vyose, dada.» Akuti imamva zonse, tsiku lina anangotchula mbuzi, m'mawa mwake foni inadzaza mbuzi. Mayi wina wa mateneti wochokera ku Mulanje akuti si kumva ayi, foni imanunkhiza, n'chifukwa chake yake imamuonetsa sopo yekhayekha. Mwamuna wake akuti onsewo akunama, muli munthu wolembedwa ntchito amene amakhala pa mpando kumationera, ndipo akumumvera chisoni chifukwa kuno sikuchitika kanthu.

Ine ndikuseka nawo mkati mwa masiki. Pofika madzulo foni yandionetsa izi:

mano;
mano enanso, agolide;
phala la ana;
mankhwala a mphamvu za abambo (izi ndiye zabodza, ndani wawauza?);
bokosi la maliro, lotsika mtengo.

Kanthu kameneka kakundidziwa kuposa abusa athu. Ndaithimitsa, ndaikulunga m'chiguduli, ndaiika mu mtsuko wakale n'kuvundikira ndi mbale. Ituluka Lachisanu m'mawa. Imvetsere mphemvu.

Lachitatu

Popanda foni, mtendere. Ndikuyeserera zokayankhula Loweruka patsogolo pa kalilole. Ndikati «zikomo nonse amene mwasonkhana» pakutuluka likhweru, ndipo galu akubwera akuthamanga. Ndayesa kangapo, galu wabwera kangapo.

Masana abwera alamu a Mwale kudzakambirana za mipando ndi za tambala wa pa mwambo. Naphiri, mfiti ya munthu, watiikira nzimbe pakati pathu n'kuchoka. Palibe waigwira. Takhala amuna awiri akuluakulu tikuyang'ana nzimbe.

Alamu afunsa ngati ndikudwaladi, chifukwa lero sindinawatchule Geti. Ndati ndi chifuwa. Kenako anena chinthu chimene sindimayembekezera. Akuti Tamanda wawapempha kuti pa zithunzi amwetulire, koma iwo sangathe, adzangotseka pakamwa ngati mmene anachitira pa ukwati wawo. Akuti mwanayo alibe chithunzi ngakhale chimodzi cha bambo ake akuseka. Zandikhudza, sindinama. Koma ndazipirira, poti mano ndaitanitsa a munthu mmodzi.

Atachoka, Naphiri wangoti «Chaona mnzako chapita...» osamaliza. Mkazi ameneyu amadziwa kuti theka la mwambi limapweteka kuposa wonse.

Lachinayi

Kwa nthawi yoyamba chiyambire dziko lino, katundu wafika msanga. Msanga! Lachinayi m'malo mwa Lachisanu, foni yanga ili mu mtsuko.

Ndili m'chigafa ndaona wa kabaza akudutsa pa msewu, kabokosi kali pa keriyala, kumbuyo kwake gulu la anthu ngati akuperekeza mkwati. A Chirwa apita kukafunsa, abwera akugwa ndi phwete. Nkhani yake ili motere.

Kondakitala wa minibasi ku Lilongwe anakana kunyamula katundu wosamudziwa, kuopa kumangidwira chamba cha eni ake pa rodibuloko. Anatsegula, anaona, analemba ndi inki yakuda mbali zonse zinayi kuti MANO. Apolisi anatsegulanso. Pa depoti ku Kasungu boma anatsegulanso, ena akuti wogulitsa mazira anayesako. Wa kabaza atafika pa msika wathu anaimba nambala ija, yothimitsa. Anafunsa kuti B. Banda ndi ndani. Kunatuluka a Banda mzere, kuyambira wotchaja mafoni mpaka wa butchala, onse anayasamula, onse mano okwana.

Atatopa anangofunsa kuti: «Nanga wopanda mano kuno ndani?»

Msika wonse unaloza njira imodzi, ya kwa a Mwale.

Chinsinsi changa chasungika bwino kwambiri. Palibe ngakhale mmodzi waloza kwathu! Ndaima pakhomo la chigafa, mano anga akukhota pa mtengo wa mango kulowera kwa alamu. Kuti ndiwathamangire ndiyenera kufuula kuti ndi anga, ndipo kuti andikhulupirire ndiyenera kuvula masiki pakati pa msika wonse. Ndabwerera pa fodya. Masamba abwino ndaika pa mulu wa oipa, oipa pa mulu wa abwino, mayi wa ku Mulanje akungondiyang'ana.

Lachisanu

Ndawaona.

Oyera ngati feteleza wa yureya. Ndi aakulu pang'ono moti pakamwa sipakutsekeka bwino, koma alamu sakufunanso kutseka. Azungulira mudzi wonse wapansi, njinga aisiya dala. Akupereka moni kwa aliyense, kwa ana, kwa adani awo, ndawaona akumwetulira ng'ombe. Akuti ndi thandizo la bungwe lina, poti mabungwe ndiwo amapereka zinthu osafunsa, ndipo a B. Banda ayenera kukhala bwana wake.

Ndatulutsa foni mu mtsuko. Nditangoyatsa yayamba kulira. Alamu agawa nambala ya pa bokosi ija kwa aliyense wa magweru kuchokera kuno mpaka ku Lisasadzi. Onse akufuna kulembetsa mayina! Ndikuyankha nditatsina mphuno kuti asandizindikire. Agogo ena akufuna a m'munsi okha. Bambo wina akufunsa ngati bungweli liliso ndi maso. Wina wandilalatira kuti tikukondera, tayambira kwa achibale.

Ndalembera mayi wa ku Lilongwe kuti katundu wapita kwa munthu wolakwika. Wayankha kuti kwa iye zikuonetsa kuti walandiridwa, ena afika mwezi wa mawa, ndipo ndimupatse nyenyezi zisanu.

Zimene zatsala:

1. Kukawaba ali m'kapu ya madzi. Mlongo wanga akuti alamu sakuvula, akugona nawo.
2. Kudwala mawa. Naphiri akuti adzandinyamula pa wilibala.
3. Kuyankhula nditatembenukira kukhoma, n'kunena kuti ndi mwambo wa makolo.

Naphiri wakana zonse zitatu, akusita suti.

Loweruka

Suti, tayi, masiki watsopano. Foni ndayenera kuyatsa chifukwa akuchimuna asochera kawiri ndipo wowalondolera ndine. Afika. Mwambo wayenda bwino, tasinthana tambala ndi msoti, ndayankhula mwachidule mkati mwa masiki. Likhweru latuluka kamodzi kokha, anthu aganiza kuti ndi maikolofoni. Ndayamba kuganiza kuti ndapulumuka.

Kenako alamu apempha maikolofoni. Akuwala ngati malata atsopano. Athokoza onse, ndiye ati pali munthu mmodzi amene wawachotsa manyazi a moyo wawo wonse, akufuna amuthokoze anthu onse akumva. Atulutsa kachidutswa ka bokosi. Ayimba nambala. Ayandikiza foni yawo pa maikolofoni.

Laini yanga yachiwiri imalira ngati tambala. Anthu ayamba ayang'ana tambala wa mwambo uja, koma iye ali phee, womangidwa miyendo. Kenako maso onse pa jekete langa.

Ndimafuna nthaka ing'ambike. Koma alamu aponya maikolofoni, andikumbatira akulira. Akuti: «Alamu, zaka zonsezi mukunditcha Geti, kani mumandisungira chitseko!» Nthungululu bwalo lonse. Mlongo wanga akuvina. Ndasanduka munthu wabwino popanda kufuna, ndipo zikukoma, ndisaname.

Pamenepo Tamanda wagwada patsogolo panga. Akuti malume, chithunzi chimodzi chokha, inu ndi adadi, muvule masikiwo, nonse mumwetulire. Mwana amene ndinamunyamula ali khanda, wagwada pa fumbi ndi chitenje chake chatsopano. Ndikanakana bwanji?

Ndavula. Ndamwetulira.

Zii. Ngakhale woimba nyimbo wathimitsa. Alamu ayang'ana m'kamwa mwanga nthawi yaitali, ayang'ana kachidutswa ka bokosi kaja, ayang'ananso m'kamwa mwanga. Ndaona zonse zikulowa m'mutu mwawo chimodzichimodzi. Ndadikira. Maikolofoni inali pomwepo pansi, akanatha kuitola n'kundimaliza pamaso pa midzi itatu.

Sanaitole. Atembenuka pang'ono, avula mano aja, awaika m'thumba la malaya, aima phewa ndi phewa ndi ine, n'kumwetulira mageti onse otsegula. Wojambula wajambula. Anthu aseka mpaka ena kukhala pansi, Tamanda akuseka akulira. Ine maso anyowa, ndanamizira fumbi la fodya.

Lamulungu

Chithunzi chili paliponse. Gulu la mpingo, gulu la alimi a fodya, gulu la makolo a sukulu. Mwana wanga wa ku Joni waimba m'mamawa kufunsa kumene mano anga apita. Ku tchalitchi ndapita wopanda masiki, palibe chobisanso, ndipo mphepo ya Juni ikulowa mpaka kukhosi. Mayi wa ku Mulanje akuti iye anadziwa kale, poti munthu wa chifuwa sadyera nsima kuseri kwa chigafa. A Chirwa akuti ankadziwa. Abusa akuti ankadziwa. Ndiye ndimabisira yani, foni?

Foniyo ikupitirizabe kulira, anthu akufuna kulembetsa. Ndikungowauza kuti bungwe linatha.

Masana abwera alamu, mano atawakulunga m'tsamba la fodya. Akuti mwini wake ndine. Ndawatsuka ndi madzi otentha, ndayesa. Sakundikwana! Akuterereka ngati nsapato ya munthu wina. Ndawabwezera, avala pomwepo, kwa iwo akhala bwinobwino. Mayi wa ku Lilongwe ndamupatsa nyenyezi zake zisanu, poti katundu anafikadi kwa mwini wake.

Tacheza mpaka dzuwa kupendeka, za fodya, za tsiku la ukwati wa Tamanda. Sananditchule dzina lililonse, sanandiseke ngakhale kamodzi. Ndinayamba kuganiza kuti munthuyu ndi mngelo, ine ndi amene ndinali woipa.

Atachoka ndapeza pakhomo andisiyira nzimbe ziwiri zazitali, zomangidwa bwino ndi luzi. Naphiri akundidulira tizidutswa ting'onoting'ono.