Vinyo wa Achimwene

Lolemba
Kalata yafika: achimwene atsika sitima Loweruka, patatha zaka zinayi ali ku Joni. Munthu wotere sungamulandire ndi thobwa. Ndifulula vinyo! Njira yake wandiuza mnzanga wa ku Dwangwa. M'ndowa mwalowa mango khumi ndi awiri, shuga mapaketi awiri, mpunga wa faya manja atatu, ndi isiti. Akuti, "Masiku asanu basi, koma usavundukule." Vuto ndi eni nyumba, Mayi Asiyatu, Asilamu osaphonya swala. Tsiku lolowa anandiuziratu: "Mowa ukalowa muno, inu mutuluka." Ndowa ndaibisa kuseri kwa makina anga osokera, ndaifunditsa chitenje cha kasitomala.

Lachiwiri
Ndavundukula kanayi. Zii. Ndawonjezera isiti. Ndavundukulanso. Thumba la buluku la aphunzitsi ndalisoka chozondoka.

Lachitatu
Ndowa yayamba kuyankhula! Thovu lasefukira, chitenje cha eni chanyowa. Fungo lafika kumsewu. Ndikupalasa makina opanda nsalu kuti kubwatako kusamveke. Mayi Asiyatu aima pakhomo, mphuno m'mwamba: "Atelala, chikununkhachi n'chiyani?" Pakamwa panga payankha pokha: "Mankhwala a nsikidzi, mayi."

Lachinayi
Kalanga ine! Mayi Asiyatu abwera ndi chigubu. "Kwathunso zatisowetsa tulo, tigawireniko." Ndawathirira. Pambuyo pawo mng'ono wawo, kenako mayi wogulitsa usipa, kenako mkazi wa mwalimu wa kumadrasa. Onsewo nsikidzi! Akufunsa kathiridwe. Ndati: pamphasa, pang'onopang'ono, osalawa. Ndowa yatsika theka. Wotsala ndathira m'mabotolo asanu ndi limodzi, ndatseka ndi zitsononkho.

Lachisanu
Nyerere. Nyumba zinayi, mphasa zonse bii! Mayi Asiyatu ayanika chilichonse padzuwa, moni wanga sakuyankha. Masana afika amuna awiri oona makadi a chipani. Ndikupisa m'thumba kufuna khadi, botolo limodzi phuu! Mmodzi wadzigwetsa pansi, akuti mfuti. Wadzuka, wanunkhiza malaya ake, wandiyang'ana nthawi yaitali. Anyamula mabotolo atatu, akuti "akawaunike ku ofesi". Za khadi sanafunsenso.

Loweruka
Mabotolo atsala awiri. Kudoko ndapita katatu sitima isanaoneke n'komwe. Achimwene atsika: suti, chipewa, wailesi paphewa, Baibulo m'khwapa. Kunyumba ndawakhazika pampando wabwino, ndatsuka matambula, ndazula chitsononkho. Iwo: "Mng'ono wanga, ine izi ndinasiya chaka chatha. Tiye tigwade." Tagwada. Pemphero lalitali, lokweza ngati ali pamsonkhano. Dzina langa lonse, ndi mawu oti mowa kasanu ndi kawiri. Zenera lili pululu. Panja Mayi Asiyatu asiya kusesa.

Lamulungu
Mayi Asiyatu andipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndisamuke. Sanakalipe. Angoti, "Atelala, ndinawaza ndi pamkeka wanga woswalira pomwe." Mawu amenewa andilasa kuposa za nyumbazo. Ndapepesa chogwada, maondo akadali owawa ndi za dzulo. Angotembenuka n'kulowa.

Achimwene ali kutchalitchi. Ndalawa ndekha: viniga weniweni, mano achita dzanzi. Ndakhuthulira kudzala, nkhuku zanunkhiza n'kubwerera. Mawa ndiyamba kufunsa nyumba cha kumsika. Makinawa ndi olemera, ndipo achimwene anena kale kuti msana unawathera kumgodi.