Mmene Ndinasinthanitsira Mlamu Wanga

Mapilo awiri a m'nyumba mwathu mpaka lero ali ndi zidindo za mpira, ndipo mkazi wanga salola kuti nkhani yake iiwalike. Bola ndiifotokoze ndekha.

Ndimachapa zovala pa loji ina kufupi ndi Kawaza, ndipo chilichonse cholembedwa chimene alendo asiya ndimawerenga (ngakhale kapepala ka mankhwala a udzudzu). Mzungu wina anasiya magazini ya masewera otchedwa hoke, omwe amasewera ndi ndodo pamwamba pa madzi oundana. Ine madzi oundana ndimadziwa a m'kapu basi. Koma ndinapezamo zoti ligi ikatha, ochemerera amakangana ngati timu yawo ingapereke goloboyi wake n'kutengako wa timu ina. Ndinaona kuti ndi nzeru.

Kwathu kuno nthawi yopuma ndi dzinja. Bwalo limasanduka dambo, mvuu zimadyapo msipu, mpira umatsala wapakamwa. Tsiku lina titabisala mvula pakhonde la golosale, ndinakonza pakhosi.

"Tingoyerekeza," ndinatero. "Bwanji titapereka Yotamu ku timu ya asikauti oteteza nyama zakutchire, iwo n'kutipatsa goloboyi wawo wamtali uja?"

Yotamu ndiye anali goloboyi wa timu yathu ya pamudzi. Ndi mlongo wake wa mkazi wanga, ndipo ine ndimakhala pamudzi pawo. (Magazini ija sinanenepo kanthu za chikamwini.)

Mkangano unakoma. Ena amati wamtaliyo ndi waulesi pa mipira yapansi, ena amati Yotamu amatsinzina pa penate. A Sakala, otiphunzitsa mpira, anati asikauti awonjezerepo pampu yopopera mpira. Ine ndinkabwerezabwereza kuti tikungoyerekeza, koma mawu amenewo okha ndiwo anatsala pakhondepo. Ena onse anafika kumudzi ine ndisanafike.

Yotamu ndinamupeza pabwalo la nyumba yanga.

"Mwaswera bwanji, alamu? Ndamva mwandigulitsa."

"Ayi, alamu, kunali kuyerekeza chabe. Kunja amachita zimenezi."

"Ine ndi pampu?"

"Za pampu ndi a Sakala."

Yotamu ananyamuka. Anatenga magolovesi ake n'kupita yekha kukampu ya asikauti, komwe anamulandira ndi manja awiri. Titapita kukatenga wamtali uja, anatiseka mpaka kugwira nthiti. "Ine ndine mbuzi yoti muzisinthana? Pano sindichoka."

Mvula itatha, masewero oyamba anali ndi asikauti omwewo, ife tilibe goloboyi. A Sakala anandiloza, n'kundiitana monyogodola: "Aphunzitsi, za pagolo mwawerenga kwambiri ndinu. Kaimeni."

Ndinabwerera ku magazini. Goloboyi wa pachithunzi anali wokutidwa thupi lonse, ndiye ndinati chinsinsi chagona pamenepo. Ndinamanga mapilo kumiyendo ndi malegeni, bulangeti pachifuwa, chipewa cha njinga yamoto kumutu. Golo la hoke ndi laling'ono, munthu akangogwada walitseka. Izi ndinazizindikira nditaima kale pakati pa mitengo ya golo lathu, pomwe njovu ingadutse osakhudza. Ndinaiwalanso kuti iwo amavala choncho pozizira. Ine ndinali m'chigwa cha Luangwa, masana.

Chigoli choyamba ndinachimva kwa anthu, chifukwa galasi la chipewa linali litachita nthunzi. Mpira wina ndinauona ndithu ukubwera, koma mawondo anakana kupinda. Kenako ndinadziponya mokongola, mbali yolakwika, n'kulephera kudzuka. Ndinagona chagada ngati kamba mpaka anzanga anachita kundigubuduza.

Kugolo linalo Yotamu anali atakhala pansi, akutafuna mzimbe.

"Alamu!" anakuwa. "Mwayamba kugwira, kapena mukungoyerekeza?"

Zigoli sindinawerenge (ndi chinthu chokhacho chimene sindinawerengepo pamoyo wanga). Yotamu sanabwerere. Asikauti tsopano ali ndi agoloboyi awiri, ife tikusinthanasinthana.

Kunyumba mkazi wanga anamasula malegeni, n'kukung'untha mapilo ake.

"Abambo a Tiza," anatero, "kozizira kwanuko, amuna nawonso amawasintha?"

Ndinamuyang'ana.

"Ndikungoyerekeza," anatero.

Kuwerenga sindinasiye. Koma masiku ano ndimawerenga chamumtima.