Mlangizi wophunzira pa foni

Lolemba

Ndili m'madzi.

Esitere, mlongo wawo wa amuna anga, waimba foni kuchokera ku Kabushi, komboni ya ku Ndola, ine ndikutsegula shopu. Akuti Loweruka tikamaliza kulangiza Tisa, palibe mzimayi atuluke m'chipinda foni yake isanaonedwe. Chaka chatha wina anajambula chilangizo cha kwa aneba awo, vidiyo n'kuzungulira Ndola yonse. "Pano awe, mulamu. Aliyense azatsegula foni, nizaona neka." Ndayankha kuti ndi nzeru yabwino kwambiri. Ndadula foni n'kukhala pa makina osokera.

Ndilembe zoona, poti kope silikamba. Tisa ndi mwana wa mng'ono wawo wa amuna anga, akukwatiwa mwezi uno. Banja linandisankha ine kukhala mlangizi wamkulu chifukwa makolo anga anali a ku Katete, kuchimake kwa mwambowu, komanso ndili ndi imvi. Basi, ziyeneretso zake ndi zimenezo. Koma ine ndinabadwira m'komboni ya mgodi kuno ku Kitwe. Ku Katete ndinapitako kawiri, konse kumaliro. Pokwatiwa ine amayi anali kudwala, chilangizo changa chinatha mu ola limodzi, ndipo chomwe ndikukumbuka n'chakuti mwamuna asadye zozizira.

Kukana sindikanatha, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndiye kwa milungu isanu ndakhala ndikuphunzira pa foni, kwa mayi wina wa chitenje chobiriwira amene amaphunzitsa pa mavidiyo.

Zomwe zili m'foni mwanga:
- nyimbo za chilangizo, khumi ndi imodzi
- kavinidwe ka m'chiuno, gawo loyamba mpaka lachisanu ndi chinayi
- tanthauzo la mikanda yofiira, yoyera ndi yakuda
- funso loti mlangizi akaiwala nyimbo amatani
- zina zoti ngakhale kope ili lisadziwe

Esitere akaziona, ulemu wanga m'banja muno watha. Mlangizi wabodza! Wotola zam'chipinda pamsewu!

Pulani: kufufuta zonse mwakachetechete. Nyimbo zokha zikhale mpaka Lachisanu, ndimalize kuloweza.

Masana ndapeza timadontho titatu pakona ya galasi la foni. Ndadina, ndadinanso, mndandanda wa zomwe ndinafufuza wayera. Kodi ndi zophweka chonchi? Ndagula chinangwa chootcha posangalala.

Lachiwiri

Foni yandinamiza!

M'mawa amuna anga, bambo a Chisomo, apempha kuti aone zigoli za dzulo, poti yawo ndi ya mabatani. Ndawapatsa monyada ngati mbale yotsukatsuka. Atsegula apu ya mavidiyo. Ng'oma! Mayi wa chitenje chobiriwira wadzaza galasi lonse, chiuno chili pa ntchito. Gawo lachisanu ndi chimodzi.

Ndailanda, tiyi n'kutayikira pa buledi. Iwo: "Timu iti imeneyi?" Ndati ndi zotsatsa malonda, zimangobwera zokha. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali, kenako adya buledi wonyowayo.

Ndazindikira kuti foni si nyumba ya chipinda chimodzi. Dzulo ndinasesa pabalaza pokha.
- apu ya mavidiyo ikukumbuka zomwe ndinaonera
- yomweyo ikukumbukanso padera zomwe ndinalemba pofunafuna
- ya mauthenga ili ndi zomwe ndinkadzitumizira ndekha
- zithunzi zomwe ndinataya zili m'bini, binilo lili m'foni momwemo, akuti zikhala masiku 30

Bini loti silitayidwa, analiona kuti?

Tsiku lonse kumsika wa Chisokone ndasoka siketi imodzi yokha. Mutu uli m'munsi mwa tebulo, chala chikufufuta. Kasitomala wina wandipeza choncho, akuganiza kuti ndikupemphera. Wadikira mwaulemu mpaka ndadzuka.

Lachitatu

Tsopano foni ikundimalizira mawu.

Ndikulembera akazi awo a katekisti wathu. Ndikufuna kunena kuti diresi latha, abwere ndi lamba wake. Ndangolemba kuti "mubwere ndi", foni yadziikira yokha "mikanda ya m'chiuno". Chala changa chaphuma chatumiza!

Ndakhala chiimire, sizasi m'manja. Patapita kanthawi yankho lafika: "Zoona, ba telala? Ya kala bwanji?" Sindikudziwa ngati akundinyoza kapena akufunsa ndi mtima wonse. Zonse ziwiri zikundiopsa.

Kutanthauza kuti zilembo zolembera nazo zili ndi mutu wake. Zaloweza kuposa ine.

China: apu ya mavidiyo ndinaisesa dzulo, koma ikundibweretserabe abale ake a mayi uja. Wa chitenje chofiira. Wa duku lalikulu. Wina wovina atagwada. Ndaganiza zoitsuka ndi nyimbo za kwaya, mwina ingatembenuke mtima. Kuyambira 13 awazi, wani koloko masana, mpaka kuweruka ndaika zamaliro zokhazokha, bandulo n'kutha. Bana Mulenga a shopu yoyandikana abwera atavala nkhope yachisoni: "Mwafwilwa, mayo?" Akufuna kudziwa maliro ali kuti kuti auze anzathu a mzere uno.

Ndatsegulanso kuti ndione ngati zatheka. Pamwamba kwaya, pansi pake chitenje chobiriwira.

Masiku atsala atatu.

Lachinayi

Ndapita kwa a Bwalya okonza mafoni, bambo wa dazi amene amakhala kuseri kwa ogulitsa nsapato za salaula, zakaunjika zija. Ndasankha iwo chifukwa sapemphera kwathu. Chomwe ndinaiwala n'chakuti amalankhula mopikisana ndi jenereta.

Ndanong'ona kuti ndikufuna kufufuta zomwe mnzanga wina anaonera pa foni yanga. Iwo mokuwa: "Bonse bakamba so, mayo! Muzanga, muzanga!" Azibambo asanu odikira mafoni awo atembenuka onse.

Kenako andiuza zoopsa kuposa zonse. Akuti zomwe munthu waonera sizikhala m'foni mokha, zimakhalanso ku akaunti. Aloza kumalata. "Kumwamba uko. Anakutsegulilani ndani akaunti?"

Chisomo. Mwana wanga wa ku Lusaka. Foni anagula ndi iye, n'kuikamo akaunti yake yomwe, poti ine za mapasiwedi zimandipweteketsa mutu.

Ndawauza. A Bwalya: "Ninshi vonse vamene muona, naye aona."

Mayo ine! N'chifukwa chake sabata yatha anandifunsa kuti, "Mami, msana uli bwanji? Osazikakamiza ka," n'kuseka mpaka foni kuduka. Ine ndinkati mwana wanga ndi wachifundo.

A Bwalya akuti ndiwasiyire foni mpaka mawa. Ndisiyire ndani? Pamaso pa azibambo asanu aja? Ndapempha kuti angondionetsa pobwezera foni kuti ikhale ngati yatsopano. Andionetsa, n'kugwira dzanja langa: "Ivi vichosa vonse, mayo. Vonse. Mwamvela?"

Ndamva mawu oti zonse, mtima wanga n'kukondwa.

Lachisanu

10 awazi. Ndadina. Yandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndatsimikiza kawiri.

Yazima, yayaka, yandipatsa moni m'Chingerezi ngati sitinaonanepo. Mulibe chitenje chobiriwira. Aleluya!

11 awazi. Mulibenso:
- manambala onse, a makasitomala ndi a abale
- miyezo ya atsikana asanu ndi mmodzi operekeza mkwati, madiresi awo sindinadule
- zithunzi za zidzukulu zanga
- nyimbo zija khumi ndi imodzi

Ndaloweza zitatu ndi theka. Ndinati ndimaliza lero masana. Ndinaiwala kuti lero ndi lomweli.

Ndayesa kuzifunanso. Foni ikufuna pasiwedi. Pasiwedi ali ndi Chisomo. Nambala ya Chisomo inali m'foni. Yomwe ndikuikumbuka pamutu ndi ya nyumba yathu ya kumgodi, imene tinachokamo kalekale.

Ndikuimba chapansipansi popalasa makina, mwina phazi likumbutsa mutu. Nyimbo yachinayi ikafika pakati imasanduka ya kwaya ya Lachitatu ija.

Pofika kunyumba, bambo a Chisomo ali mwee. Akuti ali ndi nkhani yabwino: azakhali awo, a Nabanda, atsika basi ku Ndola kuchokera ku Katete. Akalamba akulangiza anamwali. "Abwera kuzaona mmene mugwirira ntchito. Nawauza kuti ndimwe katswiri."

Ndalowa m'bafa n'kukhala pa ndowa. Ndikuopa. Ndikuopa kuposa tsiku lomwe ndinkapita kukabereka Chisomo.

Loweruka

Mu minibasi ya ku Ndola ndikuimba mumtima. Kondakitala wandifunsa kawiri ngati ndili bwino.

Kabushi, 14 awazi. Mafoni onse m'beseni pakhomo. Azimayi asanu ndi anayi, Tisa wagwada pakati, maso pansi. Pakona a Nabanda, kamunthu kochepa, sweta ziwiri, kabotolo ka fodya wam'mphuno m'manja. Akudandaula za mipando ya basi.

Nyimbo yoyamba yadutsa. Yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi yafera pakati, pakamwa pali yasa, ng'oma ikupitirira yokha.

Esitere waitola. Waitola bwino zedi, koma ndikuizindikira. Mawu ake, kapendekedwe ka mutu, ngakhale kaphokoso ka lilime, zonse ndi za mayi wa chitenje chobiriwira! Pomaliza waloza pansi ndi zala ziwiri, kawiri. Azimayi ena atatu alozanso pansi. Ndayang'ana manja anga, nawo akuloza.

Pa vidiyo mayi uja amatero pomaliza nyimbo iliyonse, pouza oonera kuti adine kabatani kali m'munsi. Ine ndinkadziwa zimenezo, zala zokha ndi zomwe zinazolowera. Esitere akuoneka kuti sankadziwa.

A Nabanda atseka kabotolo. "Pansipo pali chiyani?"

Esitere: "Ni kulemekeza makolo, azakhali."

"Makolo a kwa yani?"

A Nabanda avula sweta imodzi, alanda ng'oma, n'kuyamba okha. Nyimbo zomwe sindinamvepo. Tisa walangizidwa bwino, ife tonse tikuwomba m'manja ngati ana a sukulu. Mumtima ndikuti ndapulumuka, poti tagwa tonse pamodzi.

Ndinaiwala beseni.

Esitere wakhala pakhomo, manyazi asanduka ukali. Akuona foni iliyonse. Yake saonetsa munthu. Yanga waitembenuza uku ndi uku, walowa umu, watuluka umo. Kenako mokweza, azimayi onse akumva: "Mulamu, foni ilibe olo nambala ya amuna anu? Olo pikicha imozi? Munthu afufuta so ngati ali na chibwenzi."

Chibwenzi! Ine! Ndanyamula chikwama changa ngati wakuba.

Lamulungu

Nkhani yafika ku Kitwe ine ndisanafike.

Bambo a Chisomo sanadye m'mawa. Ku Misa akhala kumapeto kwa benchi. Pobwerera tapeza a Nabanda afika kale, akhala pampando wawo wa bambo. Ife awiri pa sofa, pakati pathu malo okwana munthu.

Bambo a Chisomo afunsa mawu amodzi okha, osandiyang'ana: "Ndani?" Avula magalasi n'kuweramitsa mutu. Takhala limodzi zaka zonsezi, sindinawaonepo choncho, ndipo zandipweteka kuposa mawu a Esitere.

Ndaulula zonse. Kuti sindidziwa kulangiza. Kuti sindinalangizidwe mokwanira. Kuti ndinaopa kufunsa. Bambo a Chisomo: "Tione." Tione chiyani? Sabata yonse ndakhala ndikufufuta umboni wanga womwe!

Taimbira Chisomo pa foni ya mabatani. Waseka kaye mpaka kutsamwa. Akuti zonse ankazijambula n'kusunga, kuti adzandisekere pa Khirisimasi. Atumize kuti? A Nabanda apisa m'sweta, atulutsa foni yaikulu kuposa yanga.

Zitafika, awerenga mokweza, chimodzichimodzi, osadumpha. Kavinidwe gawo loyamba mpaka lachisanu ndi chinayi. Mikanda. Mlangizi akaiwala nyimbo amatani. Ngakhale zija ndinabisira kope ili. Ine maso ali pa kapeti.

Bambo a Chisomo apumira m'mwamba, kenako aseka mpaka kutsokomola, kenako apempha tiyi. Asendera pafupi. Akuti timu ija tsopano aidziwa.

A Nabanda sanaseke. "Safunsa anadya phula, mwana iwe. Nambala yanga inalipo." Agamula kuti sabwerera ku Katete mpaka atatikonza. Ine, Esitere ndi anzathu oloza pansi aja. Sabata yathunthu, kuyambira Lachiwiri, ku Kabushi. Tibwere ndi chitenje chakale. Mafoni atsale kunyumba.

Ndiye basi. Mawa ndikayezanso atsikana asanu ndi mmodzi. Lachiwiri ndikagwada pamphasa, maso pansi, ine wa zidzukulu ziwiri.

Foni ili pa kabati, yoyera mbee. M'banja lonseli ndi yokhayo imene sikudziwa kanthu.